Lamba wa wotchi akakhwepa, chitani izi

Achimwene, mwati wotchi ya lamba wachitsulo yomwe mwagula pamsika wa ku Ulongué ikungozungulira pamkono ngati chibangili. Imeneyo mukonza nokha pakhomo.

Yambani ndi chotsekera. M'mbali mwake muli timabowo. Kanikizani kachitsulo ka sipuling'i ndi singano yaikulu, mukasunthire ku bowo lamkati. Nthawi zina zimathera pomwepo.

Zikakanika, chotsani mfundo, tizidutswa ta lamba tolumikizidwa ndi timapini. Yalani nsalu yoyera patebulo, chifukwa timapini tikagwera m'dothi ndiye tapita. Tembenuzani lambayo, muona timivi kunsi kwa mfundo zina, ndipo zimenezo ndiye zochotseka. Gonekani lamba chammbali pa kathabwa koboola, ikani kamsomali kowonda pa pini, mugogode pang'onopang'ono ndi kahamala kulowera komwe muvi ukuloza, kenako sololani ndi pulayazi. Apa tsegulani maso: malamba ena a mawotchi a Seiko ali ndi kachubu kakang'ono mkati kogwira pini. Ine ndinakataya osadziwa, wotchi inagwa ndili panjinga kupita ku Dómuè, galasi n'kusweka. Inali ya malemu bambo anga, mpaka lero zimandiwawa.

Chotsani mfundo ina uku ina uku kuti chotsekera chikhale pakati. Pobwezera, pini ilowe motsutsana ndi muvi, mbali yake yong'aluka ilowe pomaliza.

Musathinitse. Kukatentha mu Okutobala, makamaka mukatsikira ku Moatize kapena mumzinda wa Tete, mkono umafufuma. Chala chaching'ono chizitha kulowa pansi pa lamba. Mfundo zotsalazo sungani m'kabokosi ka machesi.