Yesani dothi musanakumbe bedi kuno ku Chigwa cha Shire

Alimi a ku Chikwawa ndi ku Nsanje akamadandaula za dimba, chala chimaloza dzuwa. N'zoona, mvula kuno ndi yochepa, madera ambiri safika mamilimita 800 pa chaka, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Komatu anthu awiri amatunga madzi pa chitsime chimodzi, wina matimati ake akubereka, mnzake akufota. Nthawi zambiri vuto limakhala m'dothi.

Kuliyesa sikulira ndalama. Tapani dothi lodzaza dzanja, mulinyowetse pang'ono, kenako mulipote pakati pa zikhatho. Likatuluka chingwe chopindika osaduka, amenewo ndi makande. Likangomwazika, ndi mchenga. Likaumbika koma n'kuduka mukalipinda, muli ndi dothi la pakatikati, lija amasiya madzi a Shire akaphwa, ndipo inu ntchito yanu yachepa.

Makande, dothi lakuda lija lofala cha ku Ngabu, ndi achonde koma ali ndi nthawi yake. Akauma amang'aluka mpaka dzanja kulowa, khasu n'kumangodumpha. Akanyowa kwambiri amamata ku khasu ndi ku mapazi, ndipo mukawagaula ali choncho mumapanga zibuma zomwe sizisweka msanga. Gaulani ali ndi chinyontho chochepa. Pothirira koyamba musadabwe madzi akamathera m'ming'alu. Thirani mpaka itsekeke, kenako phimbirani ndi mapesi a mapira kapena udzu kuti isatsegukenso, chifukwa ming'alu ija imadula mizu. M'chilimwe bedi likhale lolowa pansi pang'ono, masentimita 10 mpaka 15, madzi azikhazikika. M'dzinja bedi lomwelo limasanduka dziwe, ndiye likwezeni.

Mchenga wachuluka m'minda yambiri ya m'mbali mwa mitsinje ya Mwanza, Ruo ndi Shire chifukwa cha madzi osefukira a mu 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023. Musanautaye munda wotere, kumbani dzenje muone pomwe pathera mchenga. Ngati dothi lakale lili pafupi, bzalani m'maenje ofika pa dothilo, muthiremo manyowa owola bwino. Pa mchenga feteleza amapita ndi madzi, choncho mugaweni, muzithira pang'onopang'ono. Ndowe kuno sizisowa, ng'ombe ndi mbuzi zilipo zambiri, koma zaziwisi zimawotcha mbande. Ziunjikeni pa mthunzi ndi zinyalala, muzizinyowetsa ndi kuzitembenuza mpaka zide, fungo lithe.

Pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi pa mchere, chifukwa apa ndi pomwe alimi akutayira mbewu ndi ndalama. Makolo athu ankatcheza mchere kuchokera m'dothi la m'chigwa chino, ndipo mijigo ina mpaka lero imatulutsa madzi owawa. Zizindikiro zake sizibisika. Bedi likauma, pamwamba pamayera ngati wina wawazapo ufa, makamaka m'mphepete. Mbewu zimamera apa ndi apo, nsonga za masamba zimapsa, ndipo chomera chimafota ngakhale dothi lili lonyowa, pakuti mchere umaletsa mizu kuyamwa madzi. Mlimi akaona zotere amathamangira feteleza. Feteleza nayenso ndi mchere, ndiye amangowonjezera moto.

Chomwe chimakweza mchere pamwamba ndi dzuwa. Madzi akamauma amausiya pomwe pali mizu, ndipo kathiridwe kathu ka kheni imodzi m'mawa, ina madzulo, kongonyowetsa pamwamba, kamathandizira zimenezi. Pa dothi lotere thirani madzi ambiri nthawi imodzi kuti atsitse mchere pansi pa mizu, mudikire, kenako muthirenso. Izi zimatheka pokhapokha madziwo ali ndi kolowera. Pa makande othina kumbani ngalande yotayira. Phimbirani nthawi zonse. Chiswe chidzadya mapesiwo, inde, muziwonjezera ena, chiswecho chikufewetsanso dothi. Phulusa ndi laimu musathire pamenepa. Zimenezo zimathandiza dothi lofiira la kumtunda, kuno zimaliwononga. Madzi a mjigo alaweni kaye. Ngati akuwawa pa lilime, nyemba, anyezi ndi karoti musavutike nazo. Matimati amapirira pang'ono, mapira ndi thonje amapirira kwambiri.

Nthawi yobzala nayo muisamale. Kabichi, repu, mpiru ndi matimati afeseni kuyambira Epulo, kuti akule m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Mukachedwa, matimati amachita maluwa mu Okutobala, maluwawo n'kuyoyoka ndi kutentha. Nthawi imeneyo dimba lipatseni therere, bonongwe, chitambe ndi kholowa. Ena amazinyoza kuti ndi ndiwo za kumudzi, koma pa msika wa Nchalo kapena Bangula mwezi umenewo ndi zomwe zimagulika, masamba ena atasowa.

Nazale muimangire kathandala ka udzu, koma muzichepetsa udzuwo mbande zikamakula kuti zizolowere dzuwa, ndipo muwokere madzulo. Ngati bedi layera ndipo mwayesa zonsezi osasintha, tapani dothi m'malo angapo a mundawo, mupite nalo kwa mlangizi wa dera lanu akuthandizeni kukaliyezetsa musanagule thumba lina la feteleza.