Momwe mungaphunzitsire afotokozi a Chingerezi osonyeza mmene munthu akumvera

Ndaphunzitsa Chingerezi kwa zaka zingapo pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kufupi ndi Chipoka m'boma la Salima, ndipo chaka chilichonse ndikamachonga zimangirizo za ana a Fomu 2 ndimapeza mawu akuti "very" atakhala pamalo osayenera. Wina amalemba kuti "I was very terrified", mnzake n'kulemba kuti "my father was very furious". Gwero la vutoli ndi chilankhulo chathu chomwechi, popeza m'Chichewa mawu akuti "kwambiri" amalowa paliponse: munthu amakwiya kwambiri, amalusanso kwambiri, ndipo palibe angamudzudzule wolankhulayo. Chingerezi chimagawa afotokoziwa pawiri. Ena, amene mabuku amawatcha "gradable adjectives", amakhala ndi miyezo, moti munthu akhoza kukhala "tired" pang'ono kapena kwambiri. Enawo ndi "extreme adjectives", omwe anafika kale kumapeto, chifukwa "exhausted" ali kale ndi tanthauzo la "very tired" m'kati mwake.

Choyamba konzani makadi. Musataye ndalama pogula mapepala olimba a m'sitolo, chifukwa chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale fotokope ya tsamba limodzi imafuna kuganizira kawiri ngati kalasi yanu ili ndi ana opitirira 70 monga yanga. Ine ndimapempha makatoni a sopo m'magolosale a pa Kamuzu Road n'kuwadula kukula ngati chikhatho. Lembani mawu amodzi pa khadi lililonse, awiriawiri motere: tired ndi exhausted, angry ndi furious, happy ndi delighted, frightened ndi terrified, hungry ndi starving, surprised ndi astonished, sad ndi miserable, interested ndi fascinated. Magulu asanu ndi atatuwa ndi okwanira pa phunziro la mphindi 40. Chenjerani ndi mapamfuleti osadziwika wolemba amene amagulitsidwa m'misika nyengo ya mayeso ikayandikira. Ndinagulapo imodzi yomwe inaika "angry" ndi "hungry" ngati mawu ofanana tanthauzo, ndipo wogulitsayo anakana kundibwezera ndalama ponena kuti iye salemba, amangogulitsa. Mawu aliwonse muyambe mwawatsimikizira mu dikishonale ya pasukulu.

M'kalasi musayambe ndi Chingerezi. Afunseni anawo kusiyana kwa munthu amene wachokera kumsika ndi thumba la ufa pamutu, ndi msodzi amene wapalasa bwato usiku wonse akulimbana ndi mwera. Ana a kunyanja kuno sachedwa kuyankha kuti woyambayo watopa, koma wachiwiriyo watheratu. Pamenepo jambulani makwerero pa bolodi, mulembe "a bit tired" pansi, "tired" pakati, "very tired" chapamwamba, ndipo "exhausted" muike pa mtengo wotsiriza pomwe palibenso pokwera. Kenako gawani makadi aja kuti aliyense amene walandira khadi afune mnzake wa khadi logwirizana ndi lake, ndipo akapezana aime kutsogolo, wa mawu ofookawo kumanzere, wa mawu amphamvuwo kumanja.

Gawo lotsatira, la aonjezi oyenda ndi afotokoziwa, ndi limene linandigwetsa chaka choyamba, ndipo ndikupemphani kuti mulipatse phunziro lakelake. Nthawi imeneyo ndinali kumbuyo ndi silabasi, kunja kukutentha monga kumachitira kuno mwezi wa Okutobala, ndiye pofuna kudula njira ndinangouza kalasi kuti "very" ndi mawu aulesi, ndipo wodziwa Chingerezi amanena "absolutely". Ndinalemba zitsanzo zitatu, zonse zolondola, ana n'kukopera, ine n'kutuluka ndili wokhutira. Zotsatira zake ndinaziona pa mayeso otsekera teremu. Pafupifupi pepala lililonse linali ndi "absolutely tired", "absolutely sad" ndi "absolutely hungry", ndipo mtsikana wina wakhama kwambiri anali atafufuta "very happy" yemwe analemba molondola poyamba, n'kulembapo pamwamba pake "absolutely happy", pepala mpaka kubooka ndi labala. Nditamufunsa chifukwa chake anandiyankha mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, munanena nokha kuti very ndi waulesi." Sindinathe kumuchotsera malikisi ndi mtima woyera, chifukwa wolakwa ndinali ine amene ndinapereka theka la lamulo. Kuchotsa chizolowezicho kunanditengera milungu itatu ya teremu yotsatira, pomwe kuphunzitsa bwino poyamba kukanangotenga tsiku limodzi.

Masiku ano ndimabwera ndi malichero awiri. M'lichero loyamba ndimaikamo makadi a "a bit", "fairly", "very" ndi "extremely", omwe amayenda ndi afotokozi okhala ndi miyezo okha. M'lachiwiri mumakhala "absolutely", "completely" ndi "utterly", omwe amayenda ndi afotokozi ofika kumapeto. Khadi la "really" ndimaliika pa tebulo pakati pa malichero awiriwo, chifukwa limagwira mbali zonse: "really tired" ndi zolondola, "really exhausted" ndi zolondolanso. Mwana amatola mfotokozi, n'kusankha lichero loyenera, n'kupanga chiganizo mokweza kalasi yonse ikumva. Akasokoneza, musathamangire kumupatsa yankho, koma mumuuze atembenuze zomwe wanenazo m'Chichewa. Mnyamata wina atanena kuti "a bit exhausted" ndinamufunsa ngati munthu angathe "kutheratu pang'ono", ndipo kalasi inaseka mpaka iye mwini anakabweza khadilo. Kuyesa kumeneku kumathandiza chifukwa kachidutswa kathu ka "-ratu", monga mu kutheratu kapena kusokonezekeratu, kamagwira ntchito yofanana ndi ya "completely". Muwauze momveka bwino kuti "very" si mawu oipa, kungoti ali ndi anzake oyenda nawo.

Mawu akuti "quite" ndimawasiya dala mpaka Fomu 3, chifukwa m'Chingerezi cha ku Britain chimene timatsata m'sukulu zathu amasintha tanthauzo: "quite tired" ndi kutopa ndithu koma osati kwambiri, pomwe "quite exhausted" ndi kutheratu. Mudzapezanso mwana wochenjera amene adzanene kuti anamva munthu wamkulu akunena "very delighted" pa msonkhano kapena pa wailesi. Musatsutse kuti anamvadi, ingomuuzani kuti pa pepala la mayeso a MANEB alembe "absolutely delighted" kapena "very pleased", pokumbukira kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale akhoze maphunziro ena onse.

Zikakhazikika zimenezi, akhazikeni awiriawiri azifunsana. Wina afunse kuti "Were you frightened?", mnzake ayankhe kuti "Frightened? I was absolutely terrified!", akukweza mawu pa mfotokozi wamphamvuyo. Mphindi khumi ndi zokwanira, ndipo phokoso lake mulipirire.

Mukatero kumbutsani mwachidule kusiyana kwa "-ed" ndi "-ing", kuti "exhausted" ndi munthu wotopayo pomwe "exhausting" ndi ntchito yotopetsayo, komanso kuti afotokoziwa amafuna mneni "be" kapena "feel", popeza ana athu amakonda kulemba "I angry" potsata Chichewa chomwe chimangoti "ndakwiya". Ntchito yokalembera kunyumba ikhale ndime imodzi yofotokoza tsiku limene anachita mantha, muli afotokozi atatu a mtundu uliwonse. Pochonga, ingodulani mzere pansi pa muonjezi wolakwikayo, mwini kopeyo akakonze yekha. Makadi aja muwamange ndi mphira n'kuwasunga m'chitini chotseka, chifukwa anga oyamba anadyedwa ndi chiswe pa tchuthi.