Momwe mungakwezere Selenium kuchoka pa 3 kupita pa 4 osagwetsa mayeso anu

Ngati gulu lanu, kaya lili ku Ginnery Corner, ku Limbe kapena ndinu ophunzira ku MUBAS, likuyesabe mawebusayiti ndi Selenium 3.141.0 ya mu 2018, musathamangire kulemba `pip install -U selenium`. Selenium 4 inatuluka mu October 2021, koma zinthu zakale sanazichotse tsiku limodzi: zina zinapita mu 4.3, zina mu 4.10. Mukadumpha zonsezi nthawi imodzi, mayeso onse amagwa pamodzi ndipo simudziwa poyambira. Kwerani pang'onopang'ono, ngati makwerero. Zitsanzo zili m'munsizi n'za Python.

1. Sungani zomwe zikugwira ntchito lero

Lembani `pip freeze > zakale.txt`, tsegulani branch yatsopano mu Git, ndipo pangani venv (malo apadera oikamo ma package a Python) ina yoyeseramo. Yendetsani mayeso onse musanakhudze chilichonse, n'kulemba omwe akulephera kale, kuti musadzawanamizire Selenium 4.

Chenjezo apa: mukaikanso 3.141.0 mu venv yatsopano, pip imakoka urllib3 2 (package yomwe Selenium imadalira polumikizana ndi driver), ndipo ziwirizi sizigwirizana. Mudzaona uthenga woyamba ndi `Timeout value connect was`. Lembani `urllib3<2` kuti yakaleyo idzuke.

2. Imani kaye pa 4.2.0

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Lembani `pip install selenium==4.2.0`. Version imeneyi imalankhula kale ndi browser kudzera mu ndondomeko yatsopano ya W3C WebDriver m'malo mwa JSON Wire Protocol yakale, koma malamulo akale akadalimo, imangokuchenjezani. Yendetsani `pytest -W error::DeprecationWarning` kuti chenjezo lililonse ligwetse yeso n'kukulozerani mzere wake.

Chochuluka chomwe mupeze ndi `find_element_by_id`, `find_element_by_xpath` ndi anzake. Onsewa anachotsedwa mu 4.3.0, ndipo kumeneko mumangolandira `AttributeError`. Asintheni chonchi:

`driver.find_element(By.ID, "lowani")`

Pamwamba pa fayilo pakhale `from selenium.webdriver.common.by import By`. Musadalire machenjezo okha, chifukwa mzere womwe mayeso saudutsa suchenjeza. Sakani ndi `grep -rnE "find_elements?_by_" .` kuti mugwire ndi a `find_elements` omwe, amene anthu amawaiwala kawirikawiri.

3. Konzani poyatsira browser

`executable_path` ndi `desired_capabilities` anachotsedwa mu 4.10.0. Njira yofikira pa chromedriver (driver yomwe Selenium imalamulira nayo Chrome) tsopano imalowa mu `Service`, zina zonse mu `Options`:

`webdriver.Chrome(service=Service("/usr/local/bin/chromedriver"), options=opts)`

W3C silekerera mayina achilendo. `version` asanduke `browserVersion`, `platform` asanduke `platformName`, ndipo chilichonse chomwe sichili pa mndandanda wa W3C chikhale ndi chizindikiro cha mwini wake kutsogolo, monga `goog:chromeOptions` kapena `moz:firefoxOptions`. Mukapanda kutero session siyamba n'komwe. Amene muli ndi Selenium Grid (yoyendetsera mayeso pa makompyuta angapo), ikwezeninso ifike pa 4.

Msampha woipa kwambiri ndi `options.headless = True`, mzere woyatsa browser popanda kuonetsa windo. Anauchenjeza mu 4.8, kenako anauchotsa, koma Python siidandaula mukaulemba: imangolandira n'kukhala chete. Pa laputopu yanu windo la Chrome limangotseguka, pomwe pa server yopanda sikirini Chrome imakana kuyaka ndi uthenga wosakhudzana ndi headless. Lembani `opts.add_argument("--headless=new")`, yomwe imagwira kuyambira Chrome 109. Onjezani `--window-size=1920,1080`, apo ayi tsamba limadzipinda ngati la pa sikirini yaing'ono ndipo mabatani ena amabisala mu menyu.

4. Tsopano pitani pa yatsopano, ndipo samalani driver

Kuyambira 4.6, Selenium Manager imadzipezera yokha driver yogwirizana ndi browser yanu ngati simunaipatse njira, n'kuisunga mu `~/.cache/selenium`. N'zabwino, koma imafuna intaneti. Mu ofesi yomwe netiweki imadutsa pa proxy, ikani `SE_PROXY`. Ngati CI yanu (server yomwe imayendetsa mayeso yokha) imafufuta zonse ikamaliza, sungani foda imeneyo, chifukwa kutsitsa driver nthawi iliyonse CI ikayenda kumadya bandulo pachabe, ndipo netiweki ikagwedezeka mayeso amagwa pomwe code yanu ilibe vuto.

Mukaona `This version of ChromeDriver only supports Chrome version`, kawirikawiri ndi chromedriver yakale yomwe inatsalira mu PATH pomwe Chrome inadzikweza yokha. Ipezeni ndi `which chromedriver` n'kuichotsa. Kuyambira Chrome 115 ma driver amachokera ku Chrome for Testing, choncho Selenium yanu isachepere 4.11.

Olemba ndi Java, anu ndi awa: kuyambira 4.14 pamafunika Java 11, ndipo `WebDriverWait` imalandira `Duration.ofSeconds(10)`, osati nambala yokha.

5. Khomani nambala

Mayeso akadutsa, yerekezerani zotsatira ndi mndandanda mudalemba poyamba uja. Yeso lomwe likugwa nthawi zina n'kudutsa nthawi zina, musalichiritse ndi `time.sleep`, ikani `WebDriverWait` yodikira batani lenilenilo. Kenako lembani version yeniyeni mu `requirements.txt` ndi `==`, osati `>=`, ndipo sungani `zakale.txt` kufikira branch yatsopano italowa mu main ndi kuyenda bwino pa CI.