Kagwiritsidwe nchito ka mng'oma wa timitengo wa ku Mangochi

Mng'oma uwu ndi wa matabwa, wotakasuka kumwamba ndi wopanikiza kunsi, ndipo pamwamba pake pamayalidwa timitengo. Kamtengo kalikonse ndi ka masentimita 3.2 m'lifupi. Musasinthe muyezo umenewu. Kakakula kapena kucepa, njuci zimamanga cisa cimodzi mopingasa pa timitengo tiwiri, ndipo pokolola zisa zimathyoka. Kamodzi kakathyoka, palani kena poyeza ndi kakale, osati mongoyerekeza ndi maso.

Musanapacike mng'oma, sungunulani phula n'kupaka mzere woonda pakati pa kamtengo kalikonse, mbali yakunsi. Fungo lake ndilo liitana njuci, ndipo mzerewo uzionetsa poyambira cisa. Pacikani ndi waya pamthunzi, pafupifupi mita imodzi kucoka pansi, kutali ndi nyumba, khola ndi njira ya kumjigo. Wayayo pakani girisi kuti linthumbu lisadutse. Mng'oma wolendewera umavutanso ciuli cifukwa umagwedezeka.

Kuno ku Mangochi, monganso ku Eastern Province ya ku Zambia, uci wambiri ucokera m'nkhalango za mombo. Mitengoyi ikacita maluwa ca m'ma Seputembala ndi Okutobala, kukolola kumafika Novembala kapena Disembala. Kukolola kwina ndi kwa Meyi ndi Juni, mvula itatha. Kumapiri monga ku Namwera nyengo imasiyanako ndi kunyanja, conco dalirani zisa zanu kuposa kalendala.

Mwezi wovuta ndi Okutobala. Njuci zimatunga madzi oziziritsa mng'oma, ndipo zikawasowa zimasamuka. Ikani beseni la madzi pafupi, muponyemo timiyala kapena timitengo poti zitere, apo ayi zimira. Lambulani udzu kuzungulira ming'oma moto wolusa usanayambe. Ngati pafupi pali munda wa thonje, pemphani eni ake azipopera mankhwala madzulo, njuci zitabwerera.

Kololani madzulo kukazizira, anthu awiri, mutavala zodzitetezera kumaso ndi kumanja. Utsi ukhale wa zitsononkho kapena ndowe zouma za ng'ombe. Mapulasitiki ndi nsanza za mafuta ai, uci umanunkha. Pemererani pang'ono pakhomo, dikirani mphindi ziwiri, kenaka yambani kutsegula mbali yakutali ndi khomo, kumene njuci zimasunga uci. Nyamulani kamtengo cisa cili cilendewerere, mukacipendeketsa cimathothoka.

Tengani zisa zokhazo zomatidwa ndi phula magawo atatu mwa anai. Uci wosamatidwa uli ndi madzi ambiri, ndipo madzi akapitirira 20 peresenti umacita thovu n'kusasa ngati mowa. Podula siyani cisa ca msinkhu wa cala pakamtengo kuti zimangirepo. Mukafika pa zisa za ana ndi mungu, lekani, ndipo musiyenso cimodzi kapena ziwiri za uci. Ambiri amene amadandaula kuti njuci zathawa anakokolola zonse.

Phwanyani zisa m'cidebe couma ca pulasitiki, sefani ndi nsalu yoyera, vundikirani masiku atatu, n'kuyengula zoyandama. Uci musauphike pamoto, umada ndi kutaya fungo. Zotsala pansalu musataye: zitenthetseni m'madzi mu poto wa aluminiyamu, osati wacitsulo amene amadetsa phula. Zikazizira, phula limauma pamwamba pa madzi, ndipo lina musunge lopakira timitengo caka camawa.