Momwe mungakulitsire mawaya ochajira batire la galimoto popanda kuitana moto

Magalimoto ambiri amene tikuyendetsa muno mu Harare, ma Honda Fit, ma Toyota Wish, ma HiAce ndi ma Caravan amene amagwira ntchito ya kombi, anabwera kuchokera ku Japan atayenda kale. Amene anawapanga anayeza mawaya ake molingana ndi nyali, wailesi ndi zina zochepa. Ife tikawalandira timawasenzetsa ampulifaya, nyali zowonjezera za ulendo wausiku wa ku Nyamapanda, kafiriji ka m'buti, ndipo ena magetsi akathima kunyumba amalumikizako inverter, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba. Mapeto ake nyali zimaphethira nyimbo ikagunda, ndipo m'mawa wozizira wa mu June sitata imazungulira ngati yatopa.

Mankhwala ake nthawi zambiri ndi kuwonjezera mawaya atatu onenepa: wochoka pa alternator (chipangizo chimene chimachaja batire injini ikulira) kupita ku pozitivi ya batire, wochoka ku negetivu ya batire kupita ku bodi, ndi wochoka pa injini kupita ku bodi. Koma mudziwiretu kuti waya wonenepa sawonjezera mphamvu ya alternator. Ya ma amp 90 ikhalabe ya 90. Waya amangochepetsa magetsi otayika panjira.

Yambani ndi kuyeza, musanagule chilichonse

Bwerekani multimeter, mita yoyezera magetsi. Galimoto itagona usiku wonse, batire labwino lodzaza limaonetsa ma volt 12.6. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti lili pafupifupi theka. Lizani injini: pa batire muyenera kuona pakati pa 13.8 ndi 14.4. Pa malole a ma volt 24, manambalawa muwawirikize kawiri. A Honda Fit musafulumire kudandaula mukaona 12.5 kapena chapompo injini ikulira, chifukwa ma Honda ambiri amatsitsa dala chaji katundu wamagetsi akachepa. Yatsani nyali muone ngati sikwera.

Tsopano yatsani zonse, nyali zazikulu, fani, wailesi, ndipo wina aponde mafuta injini ifike cha m'ma 2000 rpm. Ikani nsonga imodzi ya mita pa bawuti yaikulu ya kumbuyo kwa alternator, yolembedwa B kapena B+, ina pa mutu wa pozitivi wa batire. Nambala imene mukuonayo ndi magetsi otayika mu waya. Ikapyola 0.3 kapena 0.4, wayayo akuchepa kapena malumikizidwe ake adyeka. Chitaninso chimodzimodzi pakati pa thupi la alternator ndi mutu wa negetivu. Kumeneko isapyole 0.2. Manambala akakhala ochepa koma batire silikuchajabe, vuto lili kwina: lamba akuterera, alternator yafooka, kapena batire lakalamba.

Pali kayezedwe kena kamene kanafala m'magalaji a m'mbali mwa msewu, kochotsa mutu wa batire injini ikulira kuti aone ngati izima. Musalole zimenezo pa galimoto yanu. Batire likachoka, magetsi amalumpha mwadzidzidzi ndipo angathe kupsereza kompyuta ya injini.

Ngati yanu ndi hybrid, monga Toyota Aqua kapena Prius, nkhaniyi si yanu. Ilibe alternator, ndipo mawaya ake a mtundu wa lalanje ali ndi magetsi okhoza kupha munthu.

Waya wake

Kaya mukasaka m'mashopu a zipangizo zamagalimoto a mu Kaguvi Street, ku Gazaland ku Highfield kapena ku Graniteside, funsani waya wa mkuwa weniweni. Waya wa makina owotcherera zitsulo ndi wabwino pa ntchitoyi: ndi mkuwa, timawaya take n'tating'onoting'ono, amapindika mosavuta. Samalani ndi mawaya okongola a m'mapaketi a ampulifaya olembedwa CCA. Amenewo ndi aluminiyamu wokutidwa ndi mkuwa pamwamba pokha, ndipo aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi magawo 6 mwa 10 a mmene mkuwa umadutsitsira. Kumuzindikira n'kosavuta. Amapepuka m'manja, ndipo mukapala kawaya kamodzi ndi mpeni mkati mumayera. Yang'ananinso kunsonga kodulidwa, poti ena amanenepetsa pulasitiki kuti waya aoneke wamkulu.

Kwa galimoto yaing'ono ya alternator yosapyola ma amp 100, waya wa 25 mm² akwana. Ya 120 mpaka 150 ipatseni 35 mm². Kupyola apo, kapena ngati batire lili kutali ndi injini, tengani 50 mm². Pa mawaya olembedwa mwachimereka, 4 AWG ndi 21 mm², 2 AWG ndi pafupifupi 34 mm², ndipo 1/0 ndi 53 mm². Mugulenso ma lug a mkuwa a saizi ya wayayo (tizitsulo ta kunsonga tomangira waya pa bawuti), heat shrink (kapaipi kapulasitiki kamene kamagwira waya kakatenthedwa), paipi yamakwinya yotetezera waya, ma cable tie ndi sandipepa.

Fyuzi, pamene pagona nkhani

Waya watsopano wa pozitivi amakhala ndi moto nthawi zonse, ngakhale kiyi ili m'thumba mwanu. Akakhuzika pa chitsulo n'kugunda bodi, batire limakhuthula ma amp mazanamazana pa kanthawi kochepa. Waya amafiira, pulasitiki imayaka, ndipo pafupi pomwepo pali mapaipi a petulo. Waya wa kufakitale ali ndi fyuzi yake yaikulu m'bokosi la ma fyuzi, koma wanuyu akudutsa pambali pa fyuziyo. Mukapanda kumuikira yake, mwachotsa chitetezo chimene galimoto inabwera nacho.

Ambiri amaganiza kuti fyuzi imateteza alternator kapena ampulifaya. Ntchito yake pano ndi kuteteza waya. N'chifukwa chake imakhala pafupi ndi batire, kumene kumachokera moto woopsawo. Malamulo a mawaya a m'maboti amati isatalikire kuposa masentimita 18, ndipo ine ndimaona kuti muyezo umenewo ndi woyeneranso pa galimoto. Chigawo cha waya chimene chili pakati pa batire ndi fyuzi chilibe mlonda, choncho chikhale chachifupi, chokutidwa bwino. Fyuzi yoikidwa kumapeto, pafupi ndi alternator, imasiya waya yense pambalambanda.

Saizi yake ikhale pamwamba pa mphamvu ya alternator koma pansi pa zimene waya angapirire. Mu kutentha kwa m'boneti, waya wa mkuwa wa 25 mm² musamupatse yoposa ma amp 125, wa 35 mm² yoposa 175, wa 50 mm² yoposa 225. Ndiye alternator ya 90 imayenda ndi waya wa 25 mm² ndi fyuzi ya 125. Ya 140 imafuna 35 mm² ndi fyuzi ya 175. Mukaika yochepa kuposa alternator idzapsa muli paulendo. Mukaika ya 300 pa waya wa 25 mm² poganiza kuti yaikulu ndiye yabwino, waya ndi amene adzayambe kupsa fyuzi ili phee. Gulani zomanga ndi mabawuti, za mtundu wa ANL kapena MEGA, zokhala ndi chivundikiro. Ndipo ikadzapsa, pasalowe waya wopota kapena bawuti "yoti tingofika kunyumba". Sakani chimene chaipsereza. Sungani ina yapadera m'galimoto.

Mawaya awiri a ethi aja, wa negetivu kupita ku bodi ndi wa injini kupita ku bodi, safuna fyuzi.

Kumanga kwake

Zimitsani injini, ichoke kutentha. Vulani wotchi ndi mphete. Masulani negetivu choyamba, kenako pozitivi. Negetivu ikachoka, sipanala ikagunda bodi sipakhala shoti. Ngati wailesi yanu imafuna khodi batire likachotsedwa, ikhale pafupi.

Yezani njira ndi chingwe musanadule waya. Apite kutali ndi ekizozi, lamba ndi fani, ndipo musamukoke kwambiri, chifukwa injini imagwedezeka pa zomangira zake pamene bodi ili chiimire. Pa HiAce, pamene injini ili pansi pa mipando yakutsogolo, malo ndi opanikiza, ndiye onetsetsani kuti chivundikiro cha injini sichikumukanikiza mukatseka. Podutsa pa bowo la chitsulo paikidwe labala.

Ma lug aphanidwe ndi chida chake chophanira. Nyundo ndi chizulo zimasiya mipata mkati, ndipo mpata ndiwo umabala kutentha. Ngati mulibe chidacho, pitani ndi mawaya odula kale kwa amakaniko a zamagetsi akakuphanireni. Mukokeni lug mwamphamvu, asasunthe, kenako mumuveke heat shrink.

Yambani ndi ma ethi. Sankhani bawuti yolimba ya pa bodi kapena chasisi, palani penti ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, mangani, kenako pakani girisi pamwamba kuti mvula ya mu November isadyepo. Pa injini gwiritsani bawuti ya pa buloko kapena ya chomangira alternator, osati ya sitiyalingi, mabuleki kapena mutu wa injini. Yang'anani pa mutu wa negetivu: mukaona kabokosi kokhala ndi pulagi, ndi sensa yoyeza magetsi olowa ndi otuluka m'batire. Waya watsopano asailambalale. Alumikizidwe kumbali ya bodi ya sensayo, apo ayi kompyuta idziwerenga zolakwika n'kumachaja batire mosayenera.

Waya wa pozitivi mumange pamwamba pa wakale pa B+, wakaleyo musamuchotse chifukwa ndi amene amadyetsa bokosi la ma fyuzi. Nati ya pamenepo musaimange ndi mphamvu zonse, bawutiyo imathyoka. Bwezerani kachipewa ka labala. Chosungira fyuzi chimangidwe pamalo olimba, chisalendewere, ndipo fyuziyo ilowe pomalizira, mutayendera waya yense ndi dzanja.

Bwezerani pozitivi, kenako negetivu. Lizani injini, yatsani zonse, bwerezani kuyeza kuja. Magetsi otayika ayenera kutsika kufika cha pa 0.1 mbali iliyonse. Pakatha mphindi 15, zimitsani n'kukhudza ma lug ndi chosungira fyuzi. Pamene pakuotcha kuposa waya yense, pamenepo sipanagwire bwino. Pakatha sabata mukuyenda m'maenje a m'misewu yathu, yenderaninso manati onse. Nyali zikamaphethirabe, werengani ma amp a zonse zimene mwalumikiza muyerekeze ndi nambala yolembedwa pa alternator. Akaiposa, chotsalira ndi kugula alternator yaikulu, ndipo mukatero muonenso ngati waya ndi fyuzi zija zikugwirizana nayo.