Dimba la pakhomo pafupi ndi mgodi wakale wa ku Kabwe

Mgodi wa mtovu ndi zinki wa ku Kabwe, womwe kale unkatchedwa Broken Hill, udatsekedwa mu 1994 utagwira ntchito zaka pafupifupi 90. Makina adazima, koma mtovu, chitsulo chomwe ndi poizoni m'thupi la munthu, sudachoke. Suwola ngati manyowa ndipo mvula siutsuka. Ukadali m'dothi la m'makomboni monga Kasanda, Chowa ndi Makululu, ndipo mphepo ya m'chilimwe ikawomba pa chimulu cha zotsala za mgodi chija amachitcha Black Mountain, fumbi limatera pabwalo, pa mfutso woyanika ndi pa zovala za ana.

Mu 2016 World Bank idavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni kuti boma la Zambia likonze malo owonongeka ndi migodi ku Kabwe ndi m'matauni angapo a ku Copperbelt. Ndalama zotere zimayenda motsatana: kuyeza dothi, kuyeza magazi a ana, kupereka mankhwala kwa odwala kwambiri, kenako kukwirira mabwalo ndi dothi labwino kapena kuwaka pansi. Ndi ntchito yabwino, koma pulojekiti imatha, ndipo sifika pakhomo lililonse. Bwalo lokonzedwa chaka chino likhoza kuipanso ngati fumbi likubwerabe. Choncho, amayi ndi abambo, mbali yaikulu yatsalira inu.

Oyeza dothi akafika musawabweze pageti poopa kuti akulandani puloti. Aonetseni pamene ana amasewera, pamene mumalima ndiwo ndi pamene madzi a padenga amagwera, ndipo funsani kuti zotsatira mudzazimva liti. Dothi la mtovu silinunkha, silisintha mtundu, ndipo repu amamera bwinobwino pamenepo. Maso sangakuuzeni kanthu.

Pa za dimba ndikhalitsapo. Musatipule dothi la pakhomo n'kufesamo. Mangani bedi lokwera ndi njerwa, masentimita 30 kapena kuposa, yalani masaka pansi kuti mizu isalowe m'dothi lakale, ndiye mudzazemo dothi lochokera kutali ndi mgodi losakaniza ndi manyowa owola. Thumba la feteleza lotsuka bwino kapena ndowa yakutha nazonso zimagwira ntchito. Manyowa ndi laimu zimathandiza kuti mtovu umangike m'dothi, mbewu isamwe wambiri, ngakhale siziuchotsa. Pamwamba pa bedi phimbirani ndi udzu wouma, chifukwa madzi akamathira pa dothi lambee amathovukira pa masamba, ndipo dothi lokakamira pa tsamba nthawi zambiri ndilo limabweretsa mtovu wochuluka m'mphika.

Mbewu nazo zimasiyana. Tomato, mabiringanya, nyemba ndi chimanga sizisunga mtovu wambiri m'chimene timadyacho. Zoopsa ndi za masamba monga repu, mpiru ndi bonongwe, komanso za pansi monga mbatata ndi karoti. Bonongwe wodzimerera kuseri kwa nyumba kapena m'mbali mwa ngalande yochokera ku mgodi, ngakhale akhale wonenepa bwanji, musiyeni. Ndiwo zilizonse tsukani ndi madzi oyera kawiri kapena katatu, thothorani masamba akunja n'kutaya, mbatata muzisenda. Kuwiritsa sikupha mtovu, si kachilombo.

Nkhuku zikhale m'khola. Yoyenda yokha imatola dothi tsiku lonse, ndipo mtovu umafika mpaka m'mazira.

Bwalo losesa mpaka kuwala ndi ulemu wa mayi aliyense, ndikudziwa, koma kumalo otere tsache louma ndilo limadzutsa fumbi. Wazani madzi musanasese, m'nyumba kolopani ndi chinsanza chonyowa, nsapato zitsale pakhomo. Pamene pali dothi loonekera dzalani kapinga kapena thirani miyala. Mwana wokwawa muyalireni mphasa, ndipo m'sambitseni m'manja ndi sopo asanagwire chakudya, poti iyeyo chilichonse chimapita kukamwa. Amayi oyembekezera amene mumalakalaka dothi, la kuno musadye; mtovu umadutsa mpaka kwa mwana m'mimba. Kauzeni anamwino ku sikelo, chifukwa chilakolako chimenecho kawirikawiri chimayenda ndi kuchepa kwa magazi.

Mwana wa m'mimba mopanda kanthu thupi lake limamwa mtovu wambiri kuposa wokhuta. M'patseni phala m'mawa asanatuluke, ndipo kapenta wodya ndi minga yomwe, nyemba, mkaka ndi zipatso monga magwafa zisamasowe.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene uli wabwino, ndipo ukafika mamaikulogalamu 5 pa desilita ya magazi (ndiwo muyeso wa kuchipatala), gwero lake lifufuzidwe. Mwana angaoneke wathanzi pamene ubongo ukuvulala pang'onopang'ono, n'kudzaonekera ali m'kalasi. Pitani naye kuchipatala mukapemphe kuti amuyeze, nambala imene akuuzeniyo ilembedwe m'kabuku kake ka kusikelo, ndipo funsani tsiku lobwereranso.