Mmene Kapitawo Angathandizire Antchito Kuphunzira Ali pa Ntchito

Makampani ambiri a mu Blantyre, kuyambira mafakitale a ku Makata ndi ku Chirimba mpaka maofesi a ku Ginnery Corner ndi ku Limbe, akafuna kukweza luso la antchito amayamba ndi kufunafuna holo ya pa hotelo, mphunzitsi wochokera kunja ndiponso ndalama za alawansi. Maphunziro otere ndi ofunika ndithu, koma luso loyendetsa makina, lolemba malisiti molondola kapena loyankha kasitomala wokwiya limakulira pa malo a ntchito, pamene munthu watsopano akuonerera anzake, kufunsa, kuyesa ndi kuwongoleredwa. Udindo wa kapitawo ndi kuonetsetsa kuti kuphunzira kumeneku sikukungochitika mwamwayi.

Ambiri amatchula manambala a 70-20-10, kunena kuti gawo lalikulu la luso limachokera m'kugwira ntchito, locheperapo kwa anthu ena, ndipo laling'ono kwambiri m'kalasi. Ganizoli lidachokera ku kafukufuku wa bungwe la Center for Creative Leadership ku America m'zaka za m'ma 1980, pomwe mabwana a makampani ankafunsidwa mmene adaphunzirira ntchito yawo. Popeza adali mayankho a anthu okumbukira mbiri yawo, manambalawo si muyeso weniweni, ndipo asakhale chifukwa chodulira bajeti ya maphunziro.

Choyamba, gawani ntchitoyo m'zigawo zing'onozing'ono. Ubongo umatha kugwira zinthu zatsopano zochepa pa nthawi imodzi. Katswiri wa za maganizo a munthu George Miller adanena mu 1956 kuti zimakhala pafupifupi 7, ndipo katswiri wina, Nelson Cowan, mu 2001 adati nambala yoyandikira choonadi ndi 4. Motero kapitawo amene amafotokozera mlendo masitepe onse oyatsira, kuyendetsa ndi kutsuka makina m'mawa umodzi akungotaya mawu. Muonetseni kayatsidwe kokha, achite yekha kangapo, ndipo zina zibwere madzulo kapena mawa.

Kuchita yekhako ndiye phata la nkhani yonse. Mu 1953 madokotala ku America adachita opaleshoni munthu wina dzina lake Henry Molaison pofuna kuchepetsa khunyu, ndipo adachotsa gawo lalikulu la hippocampus, kachigawo kothandiza kusunga zinthu zatsopano m'chikumbukiro, mbali zonse ziwiri za ubongo wake. Kuchokera pamenepo sankatha kusunga zatsopano zimene zamuchitikira, komabe katswiri wina, Brenda Milner, atamupatsa ntchito yotsata mzere wa chithunzi cha nyenyezi akuyang'ana dzanja lake pa galasi, bamboyu ankapita patsogolo tsiku ndi tsiku ngakhale sankakumbukira kuti adayeserapo. Izi zidaonetsa kuti luso la manja limasungidwa m'njira yosiyana ndi ya zinthu zimene timauzidwa pakamwa. Amakaniko ndi owotcherera zitsulo a ku Ndirande amachita zomwezi akamapatsa mnyamata sipanala m'manja msanga. Choncho musamusunge wophunzira ali chiimire pambali kwa sabata zambiri. Kupatula pa ntchito zoopsa, pomwe chitetezo chiyenera kutsogola, agwire chipangizocho inu muli pafupi.

Kenako samalani kafunsidwe kanu. Kwathu kuno wantchito wamng'ono akafunsidwa kuti "Mwamva?" amayankha kuti "Ndamva, bwana," chifukwa cha ulemu, ngakhale zitamupita. Funso limeneli silikuuzani kanthu. M'malo mwake nenani kuti, "Achimwene, tandionetsani mmene mungayambire," kapena, "Achemwali, makinawa atayamba kulira chonchi, mungatani?" Akatswiri ofufuza Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke adaonetsa mu 2006 kuti ophunzira amene adayesa kukumbukira okha zimene adawerenga adasunga zambiri patapita sabata kuposa amene adangobwereza kuwerenga. Kuvutikira pang'ono kofunafuna yankho m'mutu ndi kumene kumalimbitsa chikumbukirocho, ndiye musafulumire kumuyankhira akakhala chete.

Mafunso amenewa muwamwaze m'masiku angapo. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany adafalitsa mu 1885 zotsatira zosonyeza kuti munthu amaiwala kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Funsani mawa lake, mufunsenso patatha masiku angapo, ndiponso sabata yotsatira. Mphindi zochepa pa nthawi ya tiyi kapena posinthana shifiti zimakwanira. Ngakhale amene abwera kumene ku maphunziro a ku hotelo aja athandizidwe motero: apatsidwe mpata wofotokozera anzawo ndi kugwiritsa ntchito zimene aphunzira sabata yomweyo, satifiketi isanalowe mu fayilo.

Tulo natonso tili ndi gawo lake, pakuti munthu akagona ubongo umabwereza ndi kukhazikitsa zimene waphunzira masana. Wantchito amene wachezera usiku wonse, ndipo akudikira kukakwera minibasi ya ku Bangwe kapena ku Chilomoni, si woyenera kuphunzitsidwa njira yatsopano pa ola loweruka.

Mantha ndi mdani wina. Munthu akakalipiridwa pamaso pa anzake, thupi limatulutsa mahomoni a nkhawa monga cortisol, ndipo nkhawa ikachuluka kuganiza mofatsa ndi kukumbukira kumavuta. Iye adzakumbukira bwino manyazi a tsikulo, koma osati sitepe imene adaphonya, ndipo choipa kwambiri n'chakuti ulendo wina adzabisa cholakwa chake. Muitanireni pambali, mutchule cholakwa chimodzi chokha, ndipo achikonze nthawi yomweyo ndi manja ake.

Pali vuto limene okonda kuphunzira kotereku satchula kawirikawiri. Njira yomwe imapatsira luso imapatsiranso zizolowezi zoipa, monga kuchotsa chotchinga cha makina kuti ntchito ifulumire kapena kusainira katundu asanawerengedwe. N'chifukwa chake wophunzitsa mnzake asasankhidwe pongoona kuti wakhalitsa pa kampani. Muyambe mwamuonerera akugwira ntchito, ndipo mugwirizane naye njira yolondola imene ilembedwe pa pepala limodzi ndi kumatidwa pafupi ndi makina. Kumbukiraninso kuti antchito ena akale amabisa luso poopa kuti wachinyamata wa malipiro ochepa adzawalanda malo. Mantha amenewa si opanda pake, ndipo amatha pokhapokha ntchito yophunzitsa ena ikaonekera pa kuwunika kwa pa chaka ndi pa malipiro. Kwa amene luso lawo lakula koma alibe pepala lililonse, kampani ifunse ku ofesi ya TEVETA, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito za manja, za njira yoti ayesedwe ndi kulandira satifiketi.